Lamulo la Mbale za Agalu

Kunyumba yathu yofufuzira za sayansi, kutsidya kwa mtsinje wa Neva mumzinda wa Petrograd, kunali lamulo lina lomwe wobwera kumene aliyense ankaliseka tsiku loyamba, lachiwiri n'kuyamba kulitukwana. Munthu sunkaloledwa kunena kuti galu akuganiza, akufuna, wakumbuka kapena wakhumudwa. Pakamwa pakangoterereka, madzulo ake unkapinda malaya n'kukatsuka mbale zonse za agalu pampopi wa kuseri, pomwe madzi ake m'nyengo yachisanu ankachita kuluma mpaka m'mafupa. Lamuloli silinkayang'ana nkhope. Kaya ndiwe dokotala, kaya bambo ako ndi nduna ya mfumu, mbale zinkakudikira.

Mwini lamuloli anali a Nikodim Savelyevich, mkulu wathu, bambo wamfupi wa ndevu zoyera zosadziwa chipeso, yemwe ngakhale popita kuchipinda choyandikana ankayenda ngati sitima ikumusiya. Funso lawo linali limodzi chaka ndi chaka: mwaona chiyani?

"Buyan lero wasangalala," ndinatero ine m'masiku anga oyamba, ndikunena za galu wamkulu wakuda yemwe anandipatsa kuti ndizigwira naye ntchito.

"Mwachiona chisangalalocho, Zinaida Yegorovna? Chinali cha mtundu wanji, chofiira? Inu mwaona mchira ukugwedezeka. Ndiye nenani mchira."

Ntchito yathu inali yotere. Tinkaliza belu, kenako n'kumupatsa galu nyama yopera. Tikachita zimenezi kwa masiku angapo, belu lokha linkakwanira kuti malovu ayambe kudontha, nyama palibe, ndipo ife tinkawerenga madonthowo akutsika m'kapaipi kagalasi kochokera patsaya la galuyo. Anzathu a kuzipatala zina ankatitcha owerenga malovu. Ine dzinalo linkandipsetsa mtima, koma a Nikodim Savelyevich ankalinyadira ngati mendulo.

Nthawi ya tiyi, titazungulira samovara, ketulo yathu yaikulu yophwanyika mbali imodzi, m'pamene ankatiuza kumene lamulo lawo linachokera. Ankati ku Jeremani, komwe anaphunzira ali mnyamata, anaona amuna akuluakulu a ndevu zawo atakhala m'chipinda, maso ali tsinzi, aliyense akudzisuzumira m'mutu mwake kuti aone mmene ganizo limabadwira. Wina ankati waona chithunzi, mnzake n'kumati iye sanaone kanthu, ndiye mkangano wake wa zaka, woweruza palibe.

"Aweruze ndani? Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo bwato lopitira kumeneko palibe amene analisema. Kalekale Mfalansa wina anati nyama ndi makina ngati wotchi. Angelezi ena anati mutu wa mwana umabadwa mbee, ndipo zinthu zikamabwera pamodzi kawirikawiri zimamangana zokha. Ananena bwino, koma onsewo ananena ali pampando. Ife chathu n'chochepa, tangodzuka pampandopo n'kupita kukhola."

Akatero ankaonjeza kuti ku Amereka nakonso kwabuka anyamata ouma mitu omwe akuchita zomwezi ndi makoswe, ndipo ankawadalitsa ndi kapu ya tiyi.

Ine ndinkawalemekeza, koma ndisaname, ndinkawatenga ngati munthu wouma mtima. Ndinkadziwa bwinobwino kuti Buyan amandikonda, ndipo ndinatsuka mbale kosawerengeka chifukwa chokana kumeza mawu amenewo. Wopikisana nane pa ntchitoyi anali Arseny Lukich, dokotala mnzanga wamtali ngati mlongoti, yemwe pakamwa pake panalibe chitseko. Awirife tinali ndi khumbo limodzi, loti tsiku lina tidzawaone akuluwo atapinda malaya pampopi. Tinkawatchera misampha. Arseny ankawafunsa mwaulemu wabodza kuti kodi galu wakutiwakuti wakaniranji chakudya, koma iwo ankangoyankha kuti galuyo sanadye, basi. Chiyambireni nyumbayo anali asanagwirepo mbale ya galu.

M'nyengo yachisanu ya chaka chachitatu cha nkhondo, asilikali anabwera naye mlongo wanga Prokhor kuchokera ku Galicia, komwe ankamenya nkhondo. Bomba linaphulika pafupi ndi dzenje lomwe iye ndi anzake anabisalamo, dothi n'kuwakwirira. Anzakewo anawafukula atafa, iye anatuluka wamoyo, wopanda bala, koma wosamva. Nditamupeza kuchipatala cha asilikali kuno ku Petrograd, ndinayamba kumulankhula mofulumira monga ndimachitira, iye n'kundigwira dzanja.

"Zina, usadzivute, sindikumva," anatero mokweza, ndi mawu ophwa a munthu yemwe sakudzimva yekha. "Kuli zii, ngati ndili pansi pa madzi."

Kwathu tinkamutcha Prosha. Ndine ndinamulera mayi athu atamwalira, ndipo anali munthu woti bodza silinkamukhala, akati aname makutu ankayamba kufiira.

Tsoka lake linali loti madokotala anasuzumira m'makutumo osapezamo chong'ambika chilichonse. Nkhani yake inafika m'manja mwa Kaputeni Gladkov, dokotala wa asilikali yemwe ntchito yake inali kusefa odwala enieni pakati pa onamizira. Amene wapezeka kuti akunamizira matenda pa nthawi ya nkhondo ankapita kukhoti la asilikali, ndipo kochokera kumeneko kunali kuwiri, ukaidi wa kalavulagaga kapena chipolopolo. Kaputeniyo anali atamva kuti kunyumba ya owerenga malovu kuli njira yodziwira ngati khutu likumva popanda kumufunsa mwini khutu.

Ine ndinakondwa, chifukwa ndinalibe chikaiko. Ndinapita kwa a Nikodim Savelyevich kukawapempha kuti ntchitoyo aigwire okha, asaipereke kwa wina.

"Zinaida Yegorovna, mukudziwa kuti chimene singano idzalembe sindidzachifufuta?"

"Ndikudziwa. Mlongo wanga ndi wogontha."

"Zimenezo mwaziona, kapena ndi zimene mukufuna?"

Ndinatuluka msangamsanga, poopa kuti ndingalankhule mawu oti andichotsere ntchito.

Prosha anayamba kubwera naye m'mawa uliwonse, msilikali wa mfuti ali pambuyo. Ankamukhazika pampando atayang'ana kukhoma, chala chake chamkomba phala chitagona pa kachitsulo kodutsa magetsi. Kuchokera pachalapo panali ulusi wopita ku singano, ndipo singanoyo inkakanda pepala lopaka mwaye lomwe linkazungulira pang'onopang'ono pa chigubu. Belu analipachika pa chingwe kuseri kwa nsalu, kuti kulira kwake kusagwedeze pansi kapena mpando. Arseny ankaliza belu, kenako n'kutsegula magetsi pang'ono, okwanira kungotsina, ndipo chala chinkalumpha. Mfundo yake inali yomwe ija ya Buyan ndi nyama. Ngati khutu likumva, tsiku lina chala chidzalumpha ndi belu lokha. Ngati silikumva, chidzangokhala phee.

Ine anandiletsa kugwira chilichonse. Ndinkaima pakona, kumene Prosha sakanatha kundiona. A Nikodim Savelyevich nawo ankakhala chapambali n'kumangomuyang'ana munthuyo, khosi lake, mapewa, zikope, ndipo akamapita naye ankaima pazenera mpaka atuluke pachipata. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mtundu umenewo anali nako.

Tsiku lomaliza Kaputeni Gladkov anabwera yekha. Anali munthu wochepa thupi, maso ofiira chifukwa chosagona, yunifolomu yake yoyera bwino koma yothetheka m'zigongono. Anakhala pansi, chipewa n'kuika pabondo. Arseny anazula waya wa magetsi n'kumuonetsa kaputeniyo kuti aone kuti wazulidwadi. Atatero analiza belu.

Chala cha Prosha chinalumpha.

Singano inakanda mzere woyera pamwaye paja, woonekera kwa aliyense. Arseny analizanso, ndipo chala chinalumphanso. Ine ndinatsamira khoma. Prosha anali chiyang'anire kukhoma kwake, osadziwa kuti chala chake chamupereka.

"Basi, zatha," anatero kaputeniyo akuimirira. "Akumva. Wakhala akutinamiza nthawi yonseyi, akufuna kuthawa nkhondo. Mundilembere zimenezo, a Pulofesa, musayine, ine ndizipita."

A Nikodim Savelyevich sanasunthe pampando.

"Arseny Lukich, aonetseni bwana Kaputeni kumene kuli mbale za agalu."

"Mbale za chiyani?"

"M'nyumba muno, bwana Kaputeni, munthu akanena zimene zili m'mutu mwa cholengedwa china amakatsuka mbale. Inu mwanena ziwiri pakamodzi, kuti akunama ndi kuti akufuna. Chaka chino palibe amene wafika pamenepo, ngakhale Zinaida Yegorovna."

Kunena zoona ndinafuna kuwagenda ndi botolo la inki. Mlongo wanga akupita kukaphedwa, iwo ali pa nthabwala zawo za pa tiyi.

Kaputeniyo nkhope inachita mdima. "Sindinabwere kudzasewera. Mwaona nokha chalacho."

"Ndachiona, ndipo ndisayina kuti ndachiona. Belu likalira chala chikulumpha, magetsi palibe. Ndisayinanso zina zimene ndaona. Dzana thireyi ya zitsulo inagwa kumbuyo kwake, tonse tinadzidzimuka, iye mutu sunatembenuke. Dzulo akudutsa pabwalo, woyendetsa ngolo ya nkhuni anakuwa mpaka mawu kusasa, kavalo ali pambuyo pake penipeni, iye osapatuka. Anachita kumukoka ndi msilikali wanu yemwe, mumufunse. Zonsezo ndilemba. Koma bodza sindinalione. Singano yanga sinalembe bodza."

"Khutu lamva belu. Munthu amene khutu lake likumva, iye n'kumati sakumva, mumamutcha chiyani?"

"Sindimutcha kanthu. Khutu lalandira belu, inde. Uthenga wafika kuchala, inde. Koma ngati unadutsa kwa mwini wakeyo, ngati iye akudziwa kuti kwalira belu, zimenezo zili tsidya lina. Ine sindinapiteko. Inu munapitako?"

"Mukungozunguliza mawu, a Pulofesa."

Apa akulu aja anadzuka, n'kutsegula kabati ya tebulo lawo. Tonse a m'nyumbamo tinkadziwa chimene chinkakhala mmenemo. Kanali kandimu kamodzi kofota, komwe akazi awo anakapeza movutikira pa Khirisimasi, nthawi imene mumzinda ngakhale shuga anali wosowa. Chikhalireni anali asanakadule. Nthawi ya tiyi ankangokatulutsa, kukanunkhiza, n'kukabwezera, ndipo Arseny ankati adzaikidwa nako m'manda.

Anakaika pa mbale patsogolo pa kaputeniyo n'kukadula pang'onopang'ono, madzi ake akuyenderera pampeni. Fungo linadzaza chipinda chonse. Anatenga kachidutswa, n'kukaika m'kamwa, n'kuyamba kuyamwa mochita kumveka, nkhope itakwinyika, maso ali pa mlendo wawo. Kholingo la kaputeniyo linakwera n'kutsika.

"Mwameza chiyani, bwana Kaputeni?"

Kaputeniyo anayang'ana kumbali.

"Mwina mukusirira chipatso changa? Ayi, munthu wa udindo ngati inu simungatero. Ndiye aletseni malovuwo. Ndinu msilikali, alamuleni abwerere."

Anayamwanso, ndipo kholingo lija linayendanso, kaputeniyo atachita kuluma mano. Nanenso m'kamwa mwanga munali mutadzaza, pamene mumtima ndinkalira.

"Mwaona? Simunafune, simunaganize, mwayesa n'kukana komwe, koma thupi lachita zake. Lili ndi tinjira take tomwe sitidutsa pakhomo pa mwini nyumba. Buyan wathu amatero tsiku lililonse, ndipo sindinayambe ndamuimba mlandu wa chinyengo. Tsono nditati ndilembe kuti Kaputeni Gladkov anafuna kundilanda chipatso changa chifukwa ndaona kholingo lake likuyenda, mungasayine?"

Kaputeniyo anakhala pansi kachiwiri. Anapukuta kumaso ndi chikhatho, ndipo atayamba kulankhula mawu ake anali otsika.

"Nikodim Savelyevich, kuchipatala kwanga adzaza mpaka m'makonde. Ena mwa iwo akunamadi, ndikudziwa. Akuluakulu akundifunsa tsiku ndi tsiku kuti ndagwira angati. Ine ndiwasiyanitsa bwanji?"

"Sindikudziwa, bwanawe, ndipo sindichita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Mukadzapeza chida choyezera bodza mudzabwere nacho, ndidzakupsompsonani masaya onse. Lero tilibe. Ine ndisayina pa zimene maso anga aona. Mawu akuti akunamizira mulembe nokha, ndi dzanja lanu. Ndipo mukamutengera kukhoti ndidzabwera komweko, ndidzagulitsa ngakhale jekete ili kuti ndipeze kandimu kena, oweruza anu adzamezenso malovu pamaso pa anthu."

Ndinkangomva chigubu chija chikuzungulirabe, chifukwa Arseny anaiwala kuchiimitsa. Pa nthawi imeneyo m'pamene ndinazindikira chimene ndinkachiona. Lamulo lomwe lija linkandiletsa kunena kuti galu wanga amandikonda, ndi lomwenso linkaletsa kaputeniyu kunena kuti mlongo wanga ndi wabodza. Zaka zonsezi ndinkaliyesa nkhanza za munthu wouma mtima, osadziwa kuti ndi kudzichepetsa. Mkuluyo ankakana kulowa m'nyumba imene sanaitanidwe, kaya ya galu kaya ya munthu.

Kaputeni Gladkov anavala chipewa chake.

"Ndilemba kuti ndi wodwala mitsempha, apite kuchipatala cha oterowo. Mawa m'mawa adzamutenga." Atafika pakhomo anatembenuka. "Mbale zanuzo mutsuke nokha."

Prosha anakhala kuchipatala chimenecho mpaka chipale chofewa chitasungunuka, ndipo makutu ake anatseguka pang'onopang'ono m'chilimwe, tili kumudzi kwa azakhali athu. Choyamba kumva, akuti, chinali chitseko cha khola chikulira. Anakhala ndi moyo mpaka kuona zidzukulu. Zimene ankamva kapena kusamva masiku aja sindinamufunsepo, ndipo iye sanandiuze.

Koma tsiku lija linali lisanathe. Kaputeni atachoka, msilikali wolondera analola kuti Prosha amwe nafe tiyi asanabwerere. Tinamumasula ulusi kuchala n'kumukhazika pafupi ndi samovara. Anayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, kenako anandiyang'ana ine.

"Zina, andipha?" anafunsa ndi mawu ake okweza aja.

Ndinapukusa mutu mwamphamvu, ndikumugwira masaya ndi manja onse awiri kuti aone bwino. Sanalire, sanaseke. Anangotsitsa mapewa n'kutseka maso. Buyan, yemwe anali atamasulidwa, anabwera n'kuika mutu pabondo lake, ndipo chala chomwe chija chinayamba kukanda galuyo kuseri kwa khutu.

A Nikodim Savelyevich anathira tiyi okha, chinthu chomwe sankachita. Anatenga kachidutswa kakakulu mwa totsala ta kandimu kaja n'kukaponya m'kapu ya Prosha. Anaima pamenepo kwa kanthawi akumuyang'ana, monga ankachitira masiku onse aja, koma ulendo uno nkhope yawo inali ina.

"Mwana uyu wamva zokwana," anatero chapansipansi. "Akungofuna kuti kukhale chete."

Arseny anatsegula pakamwa, n'kundiyang'ana. Tsiku lomwe tinkalilakalaka zaka zonse zija linali litafika, mboni zilipo, koma palibe amene anaseka. Arseny, munthu wosasunga mawu, anatseka pakamwa pake n'kuyang'ana m'kapu.

Akuluwo anadzimva okha. Anaika kapu yawo patebulo, n'kuvula jekete, n'kulipachika pampando. Anamasula mabatani a m'manja n'kupinda malaya mpaka m'zigongono, mikono yawo yoonda, yoyera ngati ya mwana. Kunja chipale chinali chikugwa.

"Nikodim Savelyevich, musatero," ndinatero ndikuimirira. "Palibe amene wamva. Ndikatsuka ine, ndinazolowera."

"Khalani ndi mlongo wanu, Zinaida Yegorovna. Ndanena chimene sindinaone."

"Koma mwanena zoona."

"Mwina. N'chifukwa chake sindikubweza mawuwo."

Ananyamuka ndi kayendedwe kawo kothamangira sitima kaja, n'kulowera kukhomo la kuseri. Atagwira chitseko anaima, n'kutembenuka, akuoneka osokonezeka pang'ono.

"Kodi sopo mumasunga pati?"